MWANA APHUNZIRE NTHAWI PAKHOMO

Pali funso lina limene limamveka tsiku ndi tsiku m'nyumba, m'misika, m'mabasi ndi m'minda ya dziko lino, ndipo funsolo ndi lakuti, "Kodi nthawi ili bwanji?" Kale wofunsidwayo ankayang'ana kumwamba kapena pamkono. Lero amapisa dzanja m'thumba, natulutsa foni, nawerenga manambala amene ali pamenepo. Ngakhale mwana wa zaka 5 angathe kuchita chimodzi-modzi. Amayi ake akamutuma kuti akaone foni, amabwera akuthamanga ndi kunena kuti, "Amayi, pali 1 ndi 4, kenaka 3 ndi 0." Makolo ambiri akamva zotere amakondwa, naganiza kuti mwana wawo wadziwa nthawi. Ife tikuti sanadziwe. Wangowerenga manambala, monga mmene angawerengere nambala ya galimoto. Mutamufunsa ngati angathe kupita ku chigayo ndi kubwerako kusanade, adzangokuyang'anani m'maso.

Nkhani yathu lero ndi ya kwa inu amayi ndi abambo, agogo, amalume ndi azakhali, ndi onse amene mukulera ana aang'ono. Tikudziwa kuti ena mudzati iyi ndi ntchito ya aphunzitsi, pakuti ndiwo amalandira malipiro. Nzoona kuti phunziro la nthawi lilimo m'masamu a ku pulayimale. Koma taganizani mmene zinthu zilili. Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kwambiri m'sukulu zathu, kotero kuti kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'makalasi oyambirira. Mphunzitsi amaima patsogolo ndi wotchi imodzi ya katoni, imene amaiona bwino ndi ana okhala kutsogolo okha, ndipo pakangotha masiku owerengeka amapita pa mutu wina, chifukwa silabasi siyembekeza munthu. Pakhomo mpamene mwana amaona tsiku lonse lathunthu, kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo nthawi imaphunziridwa bwino pamene ikugwira ntchito.

Wina asaganize kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Mankhwala a malungo otchedwa LA, amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007, ali ndi lamulo lake: wodwala akamwa koyamba ayenera kumwanso patapita maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Akamwa ku chipatala 10 koloko m'mawa, ayenera kumwanso 6 koloko madzulo. Akamwa 2 koloko masana, ndiye kuti 10 koloko usiku wina ayenera kumudzutsa. M'mabanja ambiri agogo amene maso awo achita chidima amadalira mdzukulu kuti awauze ngati nthawi yakwana, ndipo chomwecho kwa amene amamwa ma ARV, amene achipatala amawalangiza kumwa pa nthawi imodzi-modzi tsiku lililonse. Pa mayeso a Sitandade 8 mwana saloledwa kulowa ndi foni. Chimene chingamuthandize ndi wotchi ya pakhoma, ngati ilipo, kapena mawu a woyang'anira akuti kwatsala mphindi 10. Mwana wosadziwa kutalika kwa mphindi 10 amathera theka la nthawi pa funso limodzi, nasiya mafunso amene akanawakhoza, ndipo zaka 8 za fizi ya yunifolomu, makope ndi phala zimathera pomwepo.

Tsono ena adzati, "Ife sitinapite kutali ndi sukulu, wotchi tilibe, timuphunzitsa bwanji mwana?" Yankho lathu ndi lakuti phunziro loyamba silifuna wotchi, ndipo amene amalidziwa bwino koposa ndi agogo a kumudzi. Chiyankhulo chathu chili ndi wotchi yake imene makolo athu anaipanga poyang'anitsitsa thambo, ziweto ndi ntchito. Pali tambala woyamba, pamene apaulendo ankanyamuka. Pali tambala wachiwiri. Pali mbandakucha, pamene kum'mawa kwayamba kufiira, ndipo miyezi ina nthanda ikuwala. Dzuwa likatuluka pali kadzutsa. Likakwera alimi amati latentha, naweruka kumunda; likafika paliwombo ndiye nthawi ya nkhomaliro; kenaka limapendeka, amayi napita kukatunga madzi ndi kuthyola ndiwo. Nkhuku zikayamba kulowa m'khola, chisisira chayandikira, ndipo chisisira chikadutsa pali mgonero, nthano, ndi tulo. Kumadera monga Mangochi ndi Machinga kuitana kwa ku mzikiti kumagawa tsiku kasanu, ndipo kwina belu la tchalitchi, kapena chitsulo cha limu ya galimoto chopachikidwa pa mtengo wa pasukulu, chimagwira ntchito yomweyo.

Mawu amenewa si ochititsa manyazi, ndipo mtundu wathu unawalemekeza poyera. Pa mbendera imene inakwezedwa mu 1964 pali dzuwa lotuluka. Pamene dziko linasiya mapaundi ndi mashilini mu 1971, ndalama zatsopano zinapatsidwa maina a mmawa: kwacha ndi tambala. Ngakhale sukulu zimene akulu amaphunziramo kulemba ndi kuwerenga timazitcha sukulu za kwacha. Nzomvetsa chisoni kuti mwana wa m'tauni angathe kukula akugwira kwacha tsiku ndi tsiku koma osadziwa kuti liwuli limanena za kucha kwa kunja.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 ayambe ndi mawu amenewa, ndipo njira yake ndi yongoyankhula naye pamene zinthu zikuchitika. "Taona, mwanawe, dzuwa lapendeka, abambo ako ali pafupi kubwera." "Nkhuku zalowa, kasambe." "Tikadya nkhomaliro tipita kwa agogo." Chimene mwana akuphunzira pamenepa ndi ndondomeko, kuti ichi chimatsogola ndipo icho chimatsatira, ndipo popanda ndondomeko manambala a wotchi ndi opanda pake. Makolo asadabwe mwana akamasokoneza dzulo ndi mawa, kapena akamati "dzulo" ponena za Khirisimasi ya chaka chatha. Katswiri wa maganizo a ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, anasindikiza buku la nkhani imeneyi mu 1946, ndipo anapeza kuti ana aang'ono amayesa nthawi ndi zimene maso awo akuona. Zidole ziwiri zikanyamuka pamodzi ndi kuima pamodzi, mwana amati chimene chafika patali ndicho chayenda nthawi yaitali. Ndiponso amati munthu wamtali ndiye wamkulu pobadwa. Amene analera ana adzavomereza kuti anaziona zimenezi pakhomo pawo asanamve dzina la Piaget. Mankhwala ake ndi kubwereza: dzana, dzulo, lero, mawa, mkuja, chilichonse chomangiriridwa ku chinthu chimene mwanayo akuchikumbukira kapena kuchiyembekeza. Masiku a sabata savuta, chifukwa Chichewa chinawaika kale m'ndondomeko: Lolemba, tsiku lolemba ntchito, kenaka Lachiwiri mpaka Lachisanu monga zala za dzanja, ndipo Loweruka dzina lake likudzinenera lokha.

Mwana akafika zaka 5 kapena 6, mzikireni kamtengo kowongoka pabwalo, pamalo pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, kutali ndi pamene mbuzi zimadutsa. M'mawa akadzuka aike mwala pamene chithunzithunzi cha kamtengoko chathera. Aikenso wina pamene anzake akupita ku sukulu, wina pa nkhomaliro, wina pamene akukatunga madzi ku mjigo. Mawa lake adzaona yekha kuti chithunzithunzi chabwerera pa miyala yomwe ija pa nthawi za ntchito zomwe zija, ndipo adzakhala atazindikira chinthu chachikulu, chakuti nthawi imayenda mosalekeza ndiponso mozungulira, ngakhale munthu asaiyang'ane. Adzaonanso kuti chithunzithunzi chimakhala chachitali m'mawa, chimafupika masana, nichitalikanso madzulo cha mbali ina. Ngati pakhomo pali wayilesi, woulutsa mawu akanena kuti nthawi ili 7 koloko, mwanayo athamange akaike mwala, ndipo mkulu wake alembepo 7 ndi khala. Pamenepo wotchi ya makolo ndi wotchi ya manambala zakumana.

Pali zinthu zitatu zimene kamtengoka kadzaonetsa zimene zingasokoneze ngakhale bambo wophunzira, ndipo nkwabwino kuzidziwiratu kuti mwana akafunsa musamukalipire. Choyamba, chithunzithunzi sichifupikitsitsa pa 12 koloko yeni-yeni. Nthawi imene mawotchi a dziko lino amatsata ili patsogolo pa ya ku Greenwich ndi maola awiri, ndipo inayesedwa pa mzere wa madigiri 30 umene umadutsa m'Zambia ndi m'Zimbabwe, kumadzulo kwa ife. Popeza dzuwa limatenga mphindi 4 kudutsa digiri imodzi, ndipo Blantyre ali pa madigiri 35, dzuwa limafika paliwombo kumeneko pafupi-fupi mphindi 20 isanakwane 12 koloko, ndipo m'Novembala limafulumira koposa apo. Chachiwiri, kuyambira m'Malichi mpaka m'Seputembala dzuwa limadzera chakumpoto, kotero chithunzithunzi chimayambira kumadzulo, nichidzera kummwera, nichithera kum'mawa, ndiko kuti chimazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Wotchi inapangidwa ndi anthu a maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, amene anatsanzira mmene chithunzithunzi chimayendera kwawoko. M'Disembala ndi m'Januwale, dzuwa likadzera chakummwera, chithunzithunzi chathu chimagwirizana ndi wotchi. Chachitatu, pakapita milungu ingapo miyala ija imayamba kunama, ndipo iyenera kusunthidwa.

Kunama kwa miyalako ndiko kudzapatse mwana chifukwa chofunira wotchi. Dzuwa silisunga pangano limodzi chaka chonse. Ku Blantyre limatuluka cha m'ma 5 koloko m'Novembala, koma m'Julayi limatuluka cha m'ma 6 koloko. Usana wa m'Disembala ndi wa maola pafupi-fupi 13, pamene wa m'Juni ndi wa maola 11 ndi mphindi zowerengeka. Mwana amene amanyamuka dzuwa likangotuluka adzafika molawirira m'chilimwe, koma m'nyengo yozizira adzapeza belu litalira. M'dzinja mitambo imabisa dzuwa masiku awiri kapena atatu. Tambala naye ali ndi maganizo ake, ndipo aliyense amene anagonapo pafupi ndi khola akudziwa kuti mwezi ukawala ena amalira pakati pa usiku. Kwa anthu a mudzi umodzi, olima munda umodzi, zimenezi sizinali vuto. Vuto linabwera ndi sitima, basi, chipatala, sukulu ndi fakitale, pamene anthu osaonana ayenera kukumana pa mphindi imodzi. Nchifukwa chake nthumwi za maiko zinakumana ku Washington mu 1884 ndi kugwirizana kuti kuyeza kuziyambira ku Greenwich, ndipo nchifukwa chakenso amishoni ndi atsamunda ankamanga nsanja za mawotchi, monga ija imene ikuimabe pafupi ndi mlatho ku Mangochi.

Wotchi yophunzirira isagulidwe. Tengani katoni, ikanipo mbale, zunguliza ndi pensulo, dulani. Mwanayo alembe yekha manambala, koma mumuthandize kuyamba ndi 12 pamwamba, 6 pansi, 3 kudzanja lamanja ndi 9 kumanzere, kenaka adzaze otsalawo. Mukapanda kutero manambala onse 12 adzaunjikana mbali imodzi. Pamene palibe katoni, bwalo lilipo: jambulani pansi ndi kamtengo, ikani miyala 12 kapena zitsekerero za mabotolo. Tsono apa mpamene tikupempha makolo kuti atimvetsetse. Ikani muvi umodzi wokha, waufupi, wa maola. Wautali uyambe wadikira, ngakhale kwa miyezi ingapo. Makolo ambiri amalakwa poonetsa mivi yonse tsiku loyamba, mwana nasokonezeka, bambo natopa, phunziro nkuthera pomwepo. Tikumbukire kuti mawotchi oyamba a pa nsanja za ku Ulaya anali ndi muvi umodzi kwa zaka mazana, ndipo mizinda yathunthu inkayendera womwewo. Muvi wa mphindi unafala pambuyo pa 1656, pamene Christiaan Huygens wa ku Holland anapanga wotchi yoyendera chitsulo cholendewera, imene inali yosaphonya kwambiri. Ngati akulu-akulu a mizinda anakhala zaka zonsezo ndi muvi umodzi, mwana wa Sitandade 1 angathe kukhala nawo mpaka Pasaka.

Ndi muvi umodziwo mwana angathe kunena zambiri. Ukaloza pa 7 peni-peni, ndi 7 koloko. Ukangodutsa pang'ono, 7 yadutsa pang'ono. Ukakhala pakati pa 7 ndi 8, ndi 7 ndi theka. Ukayandikira 8, 8 ili pafupi kukwana. Umu ndi mmenenso timayankhulira tikamayang'ana dzuwa, kotero mwana sakuphunzira chachilendo. Pafupi ndi nambala iliyonse ajambule chimene chimachitika pa ola limenelo: kapu ya phala pa 6, belu pa 7, mbale ya nsima pa 12. Posachedwa adzatulukira yekha kuti pa 6 pali phala la m'mawa komanso nkhuku zolowa m'khola, ndipo adzafunsa. Muuzeni kuti muviwo umazungulira kawiri, ulendo umodzi kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa lili paliwombo, ulendo wachiwiri kuyambira pamenepo mpaka pakati pa usiku, ndipo nchifukwa chake sitinena "6 koloko" chabe, koma timawonjezera kuti m'mawa kapena madzulo.

Tikufuna kunenapo za mawu amene tinabwereka. Tonse timati "hafu pasiti 7," "kota pasiti," "kota tu 8," ndipo sitikuti mawuwa atayidwe, pakuti ndi amene mwana adzawamve pa depoti ndi ku ofesi. Koma kwa mwana wa zaka 6 mawuwa ali ngati dzina la munthu wosamudziwa. Amawaloweza popanda chithunzi chilichonse m'mutu. Theka amalidziwa, chifukwa anagawanapo chigumu ndi mlongo wake, ndipo anadandaulapo kuti mbali yake yachepa. Dulani lalanje kapena chitumbuwa pakati, muike pa wotchi ya katoni ija, aone kuti theka ndi kuchokera pa 12 kufika pa 6. Dulaninso mbali iliyonse pakati, aone zigawo zinayi, ndipo mumuuze kuti chigawo chimodzi ndicho chimatchedwa kota. Akadya chipatsocho sadzaiwalanso.

Muvi wautali ubwere mwana akatha kuwerenga zisanu-zisanu mpaka 60, ndipo kwa ana ambiri imeneyi ndi nthawi ya zaka 7 kapena 8. Vuto lalikulu la wotchi lili apa: nambala imodzi ili ndi matanthauzo awiri. Muvi waufupi ukaloza pa 3, ndi maola atatu; wautali ukaloza pomwepo, ndi mphindi 15. Munthu wamkulu anazolowera, koma kwa mwana izi zili ngati kumuuza kuti nkhuku imodzi-modziyo m'mawa ndi nkhuku, madzulo ndi bakha. Mwamwayi chiyankhulo chathu chimatithandizanso, pakuti Mchewa amawerenga zisanu-zisanu chibadwire: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi, khumi ndi zisanu. Dzanja limodzi ndi mphindi 5. Mwana ayende mozungulira wotchi ya pabwalo ija, pa mwala uliwonse awombe dzanja limodzi pansi ndi kunena 5, 10, 15, 20, mpaka abwerere pamene anayambira. Pa katoni, manambala a mphindi alembedwe kunja kwa mkombero ndi mtundu wina, ndipo muvi wautali ukhale wa mtundu womwewo ndi wotalika mpaka kufika pa manambalawo. Pakapita nthawi manambala akunjawo afufutidwe limodzi-limodzi.

Mwana wanzeru adzafunsa chifukwa chake ola lili ndi mphindi 60 pamene kwacha ili ndi matambala 100 ndipo mita ili ndi masentimita 100. Funsoli ndi labwino ndipo lisanyozedwe, chifukwa ana ambiri amalakwa masamu a nthawi poganiza kuti 1:50 ikawonjezeredwa mphindi 20 imakhala 1:70. Kuwerenga kwa 60 tinalandira kuchokera kwa anthu a ku Babulo, dziko lomwe timalimva m'Baibulo, ndipo kugawa usana m'zigawo 12 ndi usiku m'zigawo 12 kunachokera ku Ejipito. Ubwino wa 60 ndi wakuti amagawika mosavuta: pawiri, patatu, panayi, pasanu, ngakhale pasanu ndi kamodzi, popanda chotsala. Mpatseni mwana njere za chimanga 60 azigawire anthu atatu, kenaka anayi, kenaka asanu. Mumupatsenso 100 agawire anthu atatu, aone njere imodzi ikutsala. Adzawapatsa ulemu anthu a ku Babulo.

Msampha wotsiriza uli pa mphindi zoyandikira ola. Nthawi ikakhala 7:50, muvi waufupi umakhala utatsala pang'ono kukhudza 8, ndipo pafupi-fupi mwana aliyense amati ndi 8:50. Apa mpamene amapindula mwana amene anakhala miyezi ndi muvi umodzi, chifukwa iye anazolowera kufunsa kuti, "Kodi wafika kapena sunafike?" Kholo likamasuntha mivi ya katoni lisamasiye waufupi utaima pa nambala pamene wautali ukuzungulira, pakuti wotchi yeni-yeni sichita choncho. Ndipo mawu akuti "kwatsala mphindi 10 kuti ikwane 8 koloko," amene timawamva pa wayilesi, ndi omveka bwino kwa mwana kuposa "teni tu," chifukwa akunena chimene chikuchitika.

Komabe kuwerenga wotchi ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kumva m'thupi kutalika kwa nthawi, ndipo ili ndilo limene mayeso, mankhwala ndi maulendo amafuna. Mwana ayese: kodi kupita ku mjigo ndi kubwerako ndi mphindi zingati? Nanga kuti madzi a tiyi awire pa mbaula? Nanga nyemba? Ayambe waganizira, kenaka ayang'ane wotchi, aone ngati anakhoza. Atseke maso, atsegule pamene akuganiza kuti mphindi imodzi yatha. Ambiri amatsegula asanafike ndi pakati pomwe, ndipo nyumba yonse imaseka, akulu nawonso nayesa, nalephera. Mpira ndi mphunzitsi wabwino koposa. Bullets ndi Wanderers akamasewera, banja litazungulira wayilesi, mwana adziwe kuti chigawo chilichonse ndi mphindi 45, ndiko kuti makota atatu a ulendo wa muvi wautali, ndipo mumufunse kuti, "Ayamba hafu pasiti 2, apumula nthawi yanji?" Mnyamata kapena mtsikana amene amagona pa masamu a m'kope amadzuka msanga timu yake ikamatsogola ndi chigoli chimodzi kutatsala mphindi 7.

Pano tiyenera kunena mawu owawa pang'ono. Amene amawononga phunziroli kawiri-kawiri ndi ife akulu. Bambo amati, "Ndikubwera pompano," nabwera nkhuku zitalowa. Mayi amati, "Dikira mphindi 5," nacheza pa mpanda ola lathunthu. Msonkhano wa makolo ku sukulu umaitanidwa 2 koloko, nuyamba 4 koloko, ndipo amene anafika pa nthawi yake ndiwo amaoneka opusa. Ena amaseka, namati imeneyi ndiyo nthawi yachikuda. Ife sitivomereza kuti ndi mwambo wa makolo. Msodzi wa ku Nkhotakota sachedwa kukankha bwato, mlimi sachedwa kudzala mvula yoyamba ikagwa, ndipo mayi wa geni amafika pa msika kusanache. Kuchedwa kumene tikunena kumapezeka pamene munthu akuganiza kuti womudikirayo ndi wosafunika, ndipo mwana amene amamva "mphindi 5" zikutanthauza lero mphindi 5, mawa maola awiri, amaphunzira kuti manambala a nthawi ndi mawu ongotonthozera. Mukati mphindi 10, muonetseni pamene muvi udzakhale, ndipo muvi ukafika pamenepo inunso mufike. Ngati simungathe, nenani zoona: "Ndibwera dzuwa litalowa."

Tsopano tibwerere ku foni ija. Sitikuti ndi yoipa. Imasunga nthawi bwino kuposa mawotchi ambiri amene makolo athu ankapukusa m'mawa uliwonse. Cholakwa chake nchakuti imaonetsa mphindi imene tilimo yokha, osaonetsa kumene tachokera kapena mtunda umene watsala, pamene nkhope ya wotchi imaonetsa ola lonse ngati munda umene wolima akuona mizere yotha ndi yotsala. Mwana amene wadziwa mivi adzamva manambala a pa foni tsiku limodzi. Chotsala ndi kumufotokozera za 13, 14, mpaka 23, zimene adzazione pa matikiti a mabasi, pa mauthenga a ndalama za pa foni ndi pa mapepala a ku chipatala. Akudziwa kale kuti muvi umazungulira kawiri. Muuzeni kuti foni siyambiranso pa 1 ikadutsa nkhomaliro, imangopitiriza kuwerenga, ndipo iye achotse 12. Pamenepo 14:30 ija idzasanduka hafu pasiti 2 masana, dzuwa litapendeka, nthawi yokwanira kupita ku chigayo ndi kubwerako.

Ana a m'malire ndi ana amene abale awo ali kunja amakumana msanga ndi chodabwitsa china. Wopita ku Chipata, ku Tete, ku Harare kapena ku Johannesburg sasintha wotchi yake. Koma wowoloka mlatho wa Songwe kulowa m'Tanzania amapeza kuti kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi, ndiponso oyankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola pa kutuluka kwa dzuwa, kotero 7 koloko m'mawa amaitcha ola loyamba, monga mmene maola amawerengedwera m'Chipangano Chatsopano. Azakhali a ku London ali m'mbuyo ndi maola awiri pa Khirisimasi, koma ndi ola limodzi lokha m'Julayi, chifukwa kumeneko amasuntha mawotchi kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Okutobala. Mwana wa zaka 9 amene amapatsidwa ntchito yowerengera nthawi yabwino yoimbira azakhali amaigwira monyadira.

Zonsezi zichitike mwa masewera, mphindi zochepa patsiku, popanda mkwapulo ndiponso popanda kumuyerekeza ndi mwana wa mnzanu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ana amasiyana, wina amagwira msanga, wina amatenga chaka. Atsikana asasiyidwe m'khitchini pamene anyamata akuphunzira pakhonde, makamaka popeza ntchito zambiri zoyesa nthawi, kuphika, kumwetsa mwana mankhwala, kupita ku sikelo, zimagwera iwo. Abambo amene ali ndi wotchi ya pamkono aleke kuiyesa chinthu chopatulika chimene mwana akachikhudza alandira khofi. Mvekeni Lamulungu masana, ngakhale ikhale yokhwepa pa kamkono kake, ndipo mumufunse nthawi mwaulemu monga mmene mungafunsire mlendo. Akadziwa pang'ono mpatseni udindo weni-weni: iye ndiye azikumbutsa nthawi ya nkhani pa wayilesi, nthawi yonyamukira ku tchalitchi, nthawi ya mankhwala a agogo, wamkulu akuyang'anira.

M'nyumba zambiri za dziko lino muli wotchi ya pakhoma imene inabwera ngati mphatso ya ukwati. Inapachikidwa pamwamba peni-peni, pafupi ndi denga, pakati pa chithunzi cha ukwatiwo ndi kalendala, ndipo batire lake litatha inaima, mwina zaka zitatu zapitazo, mivi yake ikuloza 4 koloko usana ndi usiku. Batire lake ndi limodzi, laling'ono longa la tochi, ndipo limayendetsa wotchi yotere pafupi-fupi chaka chathunthu. Itsitseni, ipukuteni fumbi, itcheleni woulutsa mawu akanena nthawi, ndipo msomali wake ukhomedwe m'munsi, pamene mwana wa Sitandade 1 angaone manambala ataimirira pansi osakwera pa mpando.